Nyanja ya Suhaila Yauma

Area 47, Lilongwe
3 Meyi 2024

Mchemwali wanga Suhaila,

Asalamu alaikumu. Kuno tilipo, kaya iwe uko ku Zanzibar? Ndisanafike pa zoti amayi adzuka bwanji, pali zinthu zoyenera kuzikonza poyamba. Ndaziika mu ndondomeko kuti usadumphe china monga umachitira.

Choyamba, pempho lako. Wati akuluakulu a kumalo ofufuzira zamoyo za m'nyanja yamchere akufuna ukhale nawo zaka zina zitatu, ndipo akudikira yankho pofika kumapeto kwa mwezi uno. Watinso suvomera popanda mawu a amayi ndi anga. Pamenepo wachita bwino. Mawu anga ndi akuti ayi. A amayi sanatuluke. Ndikawafunsa amayamba kupinda zitenje zomwe zapindidwa kale.

Chachiwiri, chifukwa chake. Tinapangana zaka ziwiri, ndipo zatha. Chimwalirireni bambo, mwini mbumba ndine, kaya udindowo ukundikwana kapena ukundikhwepa ngati jekete ya ku kaunjika. Ku ofesi ku Capital Hill ntchito yanga ndi kuwerenga malipoti a ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo lipoti lililonse la munthu womira ndimayamba ndaona kaye ngati mulibe dzina lako. Lina linali la ku Nsanje, koma ndinaonabe.

Chachitatu, ntchito. Kuli malo ku bungwe lina lophunzitsa alimi kuweta nsomba m'maiwe cha ku Mitundu. Nsomba ndi nsomba. M'dziwe la chambo mulibe shaki, nsomba zija zodya anthu, ndipo munthu akagweramo madzi amalekeza m'chiuno. Ndinafunsa.

Chachinayi, kalembedwe. Ndikudziwa kuti umandiseka chifukwa ndimalemba kalata pa pepala, n'kuijambula, n'kuitumiza pa foni. Seka. Nkhani ya banja siikambidwa pakati pa tizithunzi ta nkhope zoseka. Nawenso uyankhe pa pepala, ndipo uike tsiku.

Tsopano moni. Amayi ali bwino, mawondo okha. Malonda awo mu Msika wa Lilongwe akuyenda mokwawa, poti chilala cha chaka chino chasiya anthu akuganiza za ufa, osati za chitenje. Alamu ako a Zakia akupereka moni.

Undifotokozere bwinobwino ntchito imene umagwira. Anthu kumzikiti akandifunsa ndimati, "Amawerenga udzu wa pansi pa madzi," ndipo amandigwira paphewa ngati ndawauza za matenda. Utumizenso chithunzi cha malo ake, ndione kuya kwake.

Ndine mchimwene wako,
Abdulwahab


Zanzibar
10 Meyi 2024

Achimwene,

Wa alaikumu salamu. Ndili bwino, ndada ndi dzuwa basi. Ndalemba pa pepala monga mwalamula, ndipo tsiku ndaika. Chidindo chokha ndilibe.

Anthu a kumzikiti muziwauza kuti mchemwali wanu amalondera dimba. Pansi pa nyanja, pafupi ndi gombe, pali madambo a udzu wobiriwira, ndipo nsomba zambiri zimene asodzi amagwira kunja kwakuya zimakulira m'menemo zili tiana, zikubisala. Akamba a m'nyanja amadya udzuwo ngati ng'ombe kudambo. Kamba mmodzi amaposa beseni lochapira la amayi lija. Amadula nsonga zokha, udzu n'kuphukanso wanthete. Mizu yake ndiyo imagwira mchenga. Udzu ukatha, mchenga umanyamuka n'kukakwirira matumbawe, miyala yamoyo imene imamangidwa ndi tizilombo tating'onoting'ono, ndipo matumbawe akafa nsomba zimasamuka, asodzi n'kumabwerako ndi maukonde okhaokha. Mwaona? Sindiwerenga udzu chabe. Ndimawerenga ndiwo za mudzi wonse zisanabadwe.

Chaka chatha tinabzala udzu pamalo pamene anangula a maboti anakumba. Wayamba kugwira, koma kuti tidziwe ngati ukhalitsa pafunika zaka zitatuzo. Ndikachoka pano ndikhala ngati mlimi wothawa munda mmera utangotuluka.

Pali nyama ina imene mukanaikonda. Kuno amati pweza. Ali ndi mikono isanu ndi itatu, alibe fupa ngakhale limodzi, ndipo akachita mantha amasintha mtundu. Amakhala mu una, n'kuunjika timiyala pakhomo mpaka kutsala kampata, n'kumasuzumira ndi diso limodzi ngati kunja kukubwera zoopsa. Alipo mmodzi pafupi ndi munda wathu. Ndinamutcha dzina lanu.

Chithunzi ndatumiza, ndinajambulitsa dzulo chakum'mawa. Kadontho kofiirako ndine. Muone nokha kuti kumira pamenepa n'kovuta.

Mawa tikupita ku kachilumba kena kukalondera akamba amene akuikira mazira. Kulibe netiweki, tikakhala milungu iwiri. Ndikanati musadandaule, koma kukuuzani inu zimenezo n'chimodzimodzi kuuza nkhuku kuti isapalase. Ganiziraninso za ayi wanu uja. Moni kwa amayi ndi alamu.

Mchemwali wanu,
Suhaila


Capital Hill, Lilongwe
13 Meyi 2024

Suhaila,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira uli moyo. Chithunzi ndachiona, ndachikulitsa pa kompyuta ya ku ofesi, ndachisindikiza, ndachiyang'ananso ndi magalasi komanso popanda magalasi.

Bwanji sunandiuze?

Maboti agona cham'mbali pamchenga, zingwe zili lende. Azimayi ena akuyenda ndi ndowa pamalo pamene payenera kukhala madzi, akutola zotsalira. Udzu wako uja wagona pansi, dzuwa likuuwamba. Madzi akuoneka kutali kwambiri, kamzere chabe ngati ulusi. Iwe wayima pakati pa zonsezi, ukumwetulira, n'kumachita nthabwala yoti kumira n'kovuta.

Ungapusitse amayi, koma osati ine. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga mu 2018, atandituma ku Chilwa nyanja itauma. Pa Kachulu mabwato anagona chimodzimodzi, ndipo anthu ankayenda pansi pamene kale ankapalasa. Ndinalemba lipoti lake ndipo linayamikiridwa. Suhaila, nyanja yako yauma.

Ndikudziwa zimene zimatsatira, chifukwa zimabwera mwa dongosolo. Poyamba maboti. Kenako fungo. Kenako kolera. Pamapeto anthu amanyamula mphasa n'kumapita. Choncho usadye nsomba iliyonse imene waipeza yofa kale. Madzi akumwa uziwiritsa. Akamba ako ndawamvera chisoni, koma usayese kuwanyamula, msana wako unavutapo uli ku sekondale.

Sindikusangalala kuti mtsutso wathu watha mwanjira imeneyi. Koma tiyeni tinene zoona: zaka zitatu ukafufuza chiyani pamchenga? Ndalankhula ndi a ku Mitundu aja. Maiwe awo ali ndi madzi, ndakawaona.

Ukangopeza netiweki uyankhe.

Mchimwene wako,
Abdulwahab


Area 47, Lilongwe
20 Meyi 2024

Mchemwali wanga,

Asalamu alaikumu. Palibe yankho. Ndikudziwa unati kulibe netiweki, koma ndikudziwanso kuti chilumba chikakhala pakati pa nyanja youma sichikhalanso chilumba, ndipo munthu angathe kuyenda wapansi kukafuna netiweki. Sindikukuimba mlandu. Ndikungotchula.

Ndinawaonetsa amayi chithunzi. A Zakia anati ndidikire kaye uyankhe, koma pa ntchito yanga tinaphunzitsidwa kuti chenjezo lochedwa si chenjezo. Amayi anandilanda foni n'kuyenda nayo mzere wonse wa zitenje, benchi ndi benchi. Pofika masana nkhani inali itawoloka mlatho kufika mu Msika wa Tsoka. Munthu wina wogulitsa nsapato anandiimitsa n'kundipepesa.

Lachisanu, swala itatha, a shehe anatsogolera duwa yopempha kuti madzi abwerere m'nyanja ya ku Zanzibar, ndi kuti ana a anthu amene ali kumeneko atetezedwe. Dzina lako linatchulidwa. Ndinalira pang'ono, koma ndinachita ngati ndi chimfine.

Amayi agula ufa ndi nyemba, apereka kwa kondakitala wa basi ya ku Dar es Salaam amene amawatengera nsalu. Ankafuna kuwonjezapo chigubu cha madzi. Ndinawaletsa, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndinachita bwino.

Ndafufuza pa intaneti, palibe nyuzipepala imene yalemba za nkhaniyi. Sindikudabwa. Dziko lodalira alendo oona malo silingalengeze kuti nyanja yatha. Choncho ndaona kuti udindo wagwera ine. Lero tinali ndi msonkhano wa za chilala ku hotela ina ku City Centre, kunali a maunduna ndi a mabungwe akunja. Nditamaliza za Chikwawa ndi Balaka, ndinaonetsa chithunzi chako pakhoma, ndi mutu woti chilala chafika mpaka kunyanja yamchere. Mayi wina wa bungwe lakunja anafunsa kuti chithunzicho chinajambulidwa nthawi yanji ya tsiku. Ndinamuyankha mwaulemu kuti chilala sichiyang'ana wotchi.

A Greenwell, amene timakhala nawo ofesi imodzi, aja anapita ku Dar es Salaam kukatenga galimoto, anaphimba nkhope ndi pepala la ndondomeko ya msonkhano n'kutuluka mapewa akugwedezeka. Takhala limodzi zaka zonsezi osadziwa kuti ndi munthu wa mtima wachifundo chotere. Ndinawapeza panja akupukuta misozi. Anangoti, "Akulu, tikambirana ndikabwerako ku Karonga," n'kuyambanso.

Uyankhe, Suhaila. Amayi sakudya bwino.

Abdulwahab


Zanzibar
26 Meyi 2024

Achimwene,

Wa alaikumu salamu. Ndili moyo, ndabwerako, ufa ndi nyemba zafika. Khalani pansi. Ngati muli ndi tiyi m'manja, muike patebulo.

Ndatumiza zithunzi ziwiri za lero. Malo ndi omwewo, boti la buluu ndi lomwelo. Choyamba ndajambula dzuwa lisanafike pamutu: boti lagona pamchenga. Chachiwiri ndajambula chakumadzulo: boti likuyandama, ndipo pamene ndinayima paja madzi angakumizeni inu mutanyamula a Greenwell paphewa.

Nyanja ino imaphwa kawiri pa tsiku ndi kudzalanso kawiri. Tsiku lililonse, achimwene, chilengedwere dziko. Mwezi ndiwo umakoka madzi. Ukakhala watsopano, kapena ukakhala wathunthu, madzi amapita kutali kwambiri, ndipo poti kuno gombe lake ndi lathyathyathya, umayenda mpaka kutopa usanawapeze. Munaphunzira zimenezi mu jogalafe ndipo munakhoza, satifiketi yake ili pakhoma kwa amayi. Kapena munkaganiza kuti amatsika pang'ono ngati madzi a mu ndowa mwana akamwako?

Azimayi a ndowa aja sankatola zotsalira. Ena amalima ndere za m'nyanja pa zingwe, ena amasaka pweza, ndipo madzi akaphwa ndiye nthawi yawo ya ntchito. Ifenso timayeza udzu nthawi yomweyo. Zamoyo za pano zinazolowera. Nkhanu zimalowa pansi, nkhono zimadzitsekera, tinsomba timadikira m'zithaphwi, udzu umagona n'kusunga chinyezi. Madzi akabwera zonse zimadzuka. Ndipo kuti mudziwe, kuno mvula yakhala ikugwa mwezi wonse.

Kalata zanu ndaziwerenga kawiri. Koyamba ndinaseka mpaka anzanga anathamangira kudzaona ngati ndalumidwa ndi china chake. Nditawamasulira zoti chilala sichiyang'ana wotchi, mmodzi anakhala pansi pamchenga.

Kachiwiri sindinaseke. Munalemba kuti simukusangalala, koma ndimakudziwani. Mtima wanu unakhala pansi. Zinali zopepuka kwa inu kuti nyanja yonse ife kusiyana n'kuti mundiuze maso ndi maso chifukwa chimene mukundifunira kunyumba.

Kuchilumba kuja ndinaona tiana ta akamba tikutuluka mumchenga, tating'ono ngati chitsekerero cha botolo, tikuthamangira kumadzi mbalame zikuzungulira pamwamba. Malamulo athu amati usatinyamule, tiziyenda tokha. Manja ankandiyabwa. Ndiye sindikunena kuti sindikumvetsani.

Akufuna yankho Lachisanu lino. Mukati ndibwere, ndibwera, sindidzachita mwano. Koma mundiuze chifukwa chenicheni, osati shaki. Ndipo chonde kawauzeni amayi lero lomwe kuti adye.

Suhaila


Msika wa Lilongwe
28 Meyi 2024

Mwana wanga Suhaila,

Asalamu alaikumu. Ndine mayi ako. Akundilembera ndi mlamu wako Zakia, chifukwa mchimwene wako ukamuuza mawu amodzi amalemba khumi n'kuwaika manambala.

Ndili bwino, ndayamba kudya. Kaya iwe? Nyemba zija uziyanike, zingafumbwe.

Dzulo mchimwene wako anafika pabenchi panga nkhope ili ngati wabwera kudzanena maliro. Anatenga lalanje ndi mbale yanga ya tiyi n'kuyamba kuzizunguliza, akuti ili ndi dziko, uwu ndi mwezi. Ndinati, "Abdulwahab, tsitsa mawu, ndipo ubweze mbaleyo. Madzi abwera kapena sanabwere?" Anati abwera. Ndinati, "Basi, patse foniyo."

Ndinayenda nayo mzere wonse. Mayi Adija a benchi loyandikana nane, amene anasala kudya tsiku lathunthu chifukwa cha nyanja yakoyo, ataona boti likuyandama anakhala pa belo la nsalu n'kulira. Azimayi analuluta mpaka a mzere wa tomato anabwera kudzafunsa kuti akukwatiwa ndani. A shehe ndawatumizira uthenga, ati Alhamdulillah.

Mchimwene wako akuti ndanamiza anthu. Ndanama pati? Tinapempha kuti madzi abwere. Abwera. Zoti amabwera tsiku lililonse, kodi amawabweretsa ndi iyeyo? Akuti akufuna kudzayimirira kumzikiti Lachisanu kuti akonze nkhaniyo. Ndamuuza kuti akayimirira, ayimirire mpaka kalekale, pakhomo panga asadzakhalenso pansi. Akufuna Mayi Adija adziwe kuti anaswera ndi njala chifukwa cha madigiri ake?

Tsopano za pempho lako. Ndinali chete chifukwa madzi ndimawaopa ngati mmene amawaopera iyeyu, kungoti ine sindilemba malipoti. Ndinkafuna ubwere, udzakhale pano, ndizikuona ukudya. Koma nyanja imeneyo ndaipempherera pamaso pa anthu, ndaikwezera manja, ndailirira. Yasanduka ngati m'bale. Ndingauze bwanji msika wonse kuti madzi abwerera koma mwana ndamuchotsako? Khala, ulondere udzu wakowo. Pa Idi uzibwera, ndipo usamabwere wowonda.

Mawu omaliza ndi a mchimwene wako, poti mwini mbumba ndi iyeyo. Ine sindimulamula. Ndangomuuza kuti atenge tchuthi apite akaione nyanjayo ndi maso ake, ikupita ndi kubwera, asanatichititsenso manyazi ena.

Mayi ako,
Kulusumu

Mlamu, ndine Zakia. Achimwene ako lalanje lija abwera nalo kunyumba, ali nalo pakhonde, akungoliyang'ana.


Area 47, Lilongwe
29 Meyi 2024

Mchemwali wanga Suhaila,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira uli bwino, pamodzi ndi nyanja yako, kaya pakali pano ilipo kapena yatuluka.

Ine ndilipo. Ku ofesi a Greenwell abwerako ku Karonga. Lolemba ndinapeza beseni lopanda kanthu pa desiki panga. Nditabwera kokadya masana linali lodzaza madzi. Poweruka linali louma. Palibe amene wanena kanthu, ndipo zikuchitika tsiku lililonse, mosaphonya. Mu basi ya antchito ndikangokwera wina kumbuyo amafunsa mnzake nthawi, mnzakeyo n'kuyankha kuti chilala sichiyang'ana wotchi. Abwana anandiitana, anatseka chitseko, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kundifunsa ngati ndikufuna tchuthi. Ndalemba kalata yopepesa kwa onse amene anali pa msonkhano. Yatuluka masamba atatu. A Zakia ati ndichotsepo mbiri ya Chilwa.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti munthu wopita ku koleji angalakwe bwanji chotere. Ndinaphunziradi zoti nyanja imaphwa ndi kudzala, ndipo ndingathe kujambula chithunzi chake cha m'buku ngakhale pano. Koma madzi onse amene ndawaona m'moyo wanga akachoka, amachoka ndithu. A mumtsinje wa Lilongwe, a pampopi, a ku Chilwa. Sindinaonepo chinthu chochoka m'mawa chimene munthu sayenera kuchilembera lipoti.

Wandifunsa chifukwa chenicheni. Ndayesa kuchiika mu ndondomeko, chakana. Ndi ichi. Ukakhala ku Mitundu n'kudwala, ndikwera minibasi, ndifika. Ukakhala uko, chimene ndingachite ndi kukhala pa desiki n'kumakulitsa zithunzi. Sindidziwa kusambira, sindidziwa Chiswahili, ndipo taona tonse zimene ndimadziwa za nyanja. Bambo anandisiyira iwe kuti ndikuyang'anire, ndipo wapita kumene maso anga safika. Si vuto lako limenelo. Komanso si chifukwa choti munthu asiyire munda wake.

Choncho mawu anga ndi akuti inde. Khala zaka zitatuzo. Ndalemba ndi dzanja langa, palibe wandikakamiza, ngakhale amayi anayima pafupi. A ku Mitundu ndawaimbira foni kuwauza kuti afune wina. Anandifunsa ngati nyanja ija yadzala. Nkhaniyi yafika mpaka ku Mitundu, Suhaila.

Kumzikiti Lachisanu ndikhala pansi. Ndaganiza mofatsa, ndipo ndapeza kuti pa mawu onse a amayi palibe chiganizo chimene ndingachitsutse. Zimenezi zikundisowetsa tulo kuposa beseni lija.

Tchuthi ndatenga cha mwezi wamawa. Ndikwera basi mpaka ku Dar es Salaam, ndipo ndamva kuti kuchoka pamenepo munthu amakwera sitima ya pamadzi, palibe njira ina yotsika mtengo. Undiuze ngati amapereka majekete oyandamitsa munthu kapena ndigule langa kuno, ngati ndikhale kutsogolo kapena kumbuyo, ndiponso ngati akamba amaluma. Ukadzanditengera kumunda wako, udzandiuze nthawi yobwerera madzi, ndipo udzaichotsereko pang'ono, poti ine ndimayenda mosamala.

Koma zonsezi zingadikire. Chimene sichingadikire ndi ichi: pita lero lomwe ukawauze akuluakulu akowo kuti wavomera, usadikire Lachisanu. Ukatero undiyankhe msanga kuti zatheka, ngakhale pa foni, ngakhale popanda tsiku, ndisanapeze mpata wowerenga za nyanja pa intaneti n'kusintha maganizo. Ndimadzidziwa.

Ndine mchimwene wako,
Abdulwahab